Mowa wa Kastanya ndi Yankho la Achimwene

Kumapiri a ku Lucca, Italy
15 Okutobala 2023

Wokondedwa mwana wanga Annie,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi mdzukulu wanga Chisangalalo. Ine ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira ndipo mawondo akudandaula. Ndikulemba papepala chifukwa foni kuno kumapiri imangodukaduka, liwu limodzi kumva, enawo osamva. Ndikatha ndijambula pepalali n'kukutumizira, iwenso uzitero.

Agogo a Pierina amene ndimawasamalira aja akadali amphamvu. Thupi lakalamba koma pakamwa ayi. Dzulo andikalipira kuti ndikuwapesa tsitsi ngati ndikupalira chimanga.

Kuno ndi nyengo ya kastanya. Ndi mtengo waukulu kuposa wa mango uja wa kwa amalume ako ku Chilomoni, ndipo chipatso chake chimakhala ndi minga ngati kanungu. Chikagwa n'kung'ambika, m'kati mumatuluka mbewu zofiirira zonyezimira. Ukaziotcha zimakoma ngati mbatata yaufa, kumapeto n'kumamveka kamtedza. Anthu akale a kuno ankazidalira monga ife chimanga. Amaziyanika pamwamba m'kanyumba kamiyala, pansi n'kusonkha moto wautsi kwa masabata angapo, kenako n'kupita nazo kuchigayo.

Mwana wa agogowa, a Etore, amafulula nazo mowa. Ndi bambo wachikulire, akazi awo anamwalira kalekale. Ankagwira ntchito kupositi, ndipo atapuma anakonza khola lakale la ng'ombe kuseri kwa nyumba n'kuikamo migolo yachitsulo. Zonse amachita okha, mpaka kumata mapepala pamabotolo.

Lamlungu kunali chikondwerero cha kastanya pamudzi pano. Ndinapita nawo agogo panjinga yawo ya olumala. Titafika patebulo la a Etore, agogo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Zaka zonsezi uli m'nyumba mwanga sunalaweko mowa wa mwana wanga. Kodi ukuganiza kuti ndinabereka mfiti?" Anthu anali kundiyang'ana, ndiye ndinalandira tambula.

Ukudziwa kuti ine ndi mowa sitidziwana. Koma uwu ndi wina. Mtundu wake uli ngati tiyi wopanda mkaka ukamuunika padzuwa, pamwamba thovu loyera. Nditanunkhiza ndinamva utsi wa nkhuni, fungo lomwe lija la m'mawa ku Ndirande ndikamaphika thobwa logulitsa kumsika. Palilime unayamba kutsekemera pang'ono ngati uchi, kenako mbatata yootcha, pomaliza kakuwawa kamene kanandichititsa kufuna kumwanso. Ndinamwa theka la tambula, makutu n'kuyamba kutentha.

A Etore anandifunsa kuti ndaumva bwanji. Ndinati, "Ili ndi thobwa lomwe linapita kusukulu." Nditawafotokozera za thobwa anaseka mpaka kuvula magalasi, ndipo tsopano akundivutitsa kuti ndiwaphunzitse kuphika kwake.

Undiuze za kumeneko. Kodi chizimalupsa chagwa? Nanga zitseko za nyumba yanga anamaliza kuika?

Ndine mayi ako,
Modesta


Machinjiri, Blantyre
24 Okutobala 2023

Okondedwa Mami,

Tonse tili bwino. Kuno kukutentha koopsa, mvula sinabwere, ndipo madzi pampopi akumatuluka m'bandakucha basi. Chisangalalo wayamba kuwerenga yekha zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Tikakwera minibasi amawerenga mokweza chilichonse, ngakhale zosayenera. Nsapato zake zakusukulu zamuthina, mukapeza munthu wobwera kuno mumukumbukire.

Zitseko anaika, zatsala ndi zotsekera mawindo. Nyumba yanu ikuoneka bwino, ndimapita kukasesa Loweruka lililonse.

Tsopano Mami, kalata yanu ndaiwerenga, ndipo sindikubisirani, yandidabwitsa. Inu mowa? Inu amene munkatithamangitsa tikangoima pafupi ndi bala ya kwa Chinseu? Ine kutchalitchi kwathu ndimaphunzitsa atsikana za kudziletsa, ndiye ndiziti chiyani zikamveka kuti mayi anga makutu akuwatentha ku Ulaya?

Chinanso, kalata yonse ndi a Etore, a Etore. Bamboyu ndi ndani kwenikweni? Azungu ena amayamba ndi kuseka, mapeto ake mudzapezeka mukutsuka migolo yawo popanda malipiro. Munapita kukasamalira agogo, osati kukafulula mowa.

Ndinawauza amalume a Hawkins, ndimaganiza kuti akwiya. Iwo anangofunsa kuti mowawo ndi woyera kapena wakuda. Mukudziwa mmene amadzimvera chifukwa choyendetsa lole ya kampani ya mowa zaka zonse zija.

Musaiwale kuti munalonjeza kuti chaka chamawa mukubwerera kwathu kudzakhala. Chisangalalo amauza anzake onse.

Ndine mwana wanu,
Annie


Kumapiri a ku Lucca
19 Novembala 2023

Annie mwana wanga,

Moni nonse. Kalata yako ndinawerenga ndili kukhitchini, ndipo ndinaona ngati mayi ndiwe, mwana ndine. Khazika mtima pansi. Theka la tambula silisandutsa munthu chidakwa. Chilawireni tsiku lija ndamwanso kamodzi kokha, pa tsiku lobadwa la agogo. Migolo sinditsuka, ndipo a Etore salola munthu wina aliyense kuikhudza.

Thobwa lija tinaphika. Ufa wa kuno ndi wachikasu, ndipo mawere tinakawapeza kusitolo yogulitsa zakudya za mbalame. Mwini sitolo anafunsa kuti tili ndi mbalame zamtundu wanji, a Etore n'kuloza ine. Ndinanyika mawerewo, ndinawafunditsa chiguduli mpaka atamera, n'kuwayanika pafupi ndi mbaula. A Etore ankabwera m'mawa uliwonse kudzasuzumira chimeracho ngati ndi khanda. Thobwa linatuluka lachikasu ngati dzira. Agogo atalawa anati ndi phala la kuchipatala, koma anamaliza kapu yonse n'kufunsa ngati latsala.

A Etore ayambanso kuphunzira Chinyanja. Amati "zikomo" paliponse, ngakhale akapunthwa. Usawaope, ndi munthu wofatsa. Madzulo aliwonse amabwera kudzawawerengera mayi awo nyuzipepala, ngakhale mayiwo amagona asanamalize tsamba loyamba.

Sisitere Clara, wa kwathu ku Nguludi amene amagwira ntchito ku Lucca, akubwera kumudzi pa Khrisimasi. Ndawapatsa katundu wanu. Muli nsapato za Chisangalalo, juzi yako ndi mpango wa alamu anga ku Chilomoni. A Etore aikamonso kaphukusi kawo ka amalume ako, chifukwa ndimawauza nkhani zawo kawirikawiri. Alembamo kakhadi koma akana kundionetsa, akuti ndiseka Chinyanja chawo.

Za kubwerera sindinaiwale. Koma agogowa sindingawasiye m'manja mwa mlendo panopa, masiku ano akudya pang'ono kwambiri.

Mayi ako,
Modesta


Machinjiri
28 Disembala 2023

Mami,

Ndikhulupirira Khrisimasi munadya bwino. Katundu tinalandira, Sisitere anatipatsira ku Limbe. Nsapato zamukwana Chisangalalo ndipo akufuna kugona nazo. Zikomo kwambiri.

Koma ndili ndi mawu. Kaphukusi kaja ndinakapereka ndekha ku Chilomoni. Munali mabotolo atatu okulungidwa m'masokosi aubweya, ndi khadi. Amalume anavala magalasi n'kuwerenga mokweza. Ndakopera mmene analembera:

"Achimwene a Modesta, moni. Ine Etore. Ndatumiza chinthu cha mtima wanga. Lawani. Mukavomera, ine wokondwa moyo wonse. Zikomo."

Amalume anawerenganso chamumtima. Kenako analowa kuchipinda, n'kutuluka atavala jekete. Anati, "Annie, mawu awa sawerengedwa munthu atavala vesiti. Bamboyu akufunsira mbeta, ndipo wadzera pakhomo loyenera, kwa mwini mbumba."

Mami, bwanji simunandiuze? Ndine mwana wanu mmodzi yekha. Ndimve kwa amalume kuti mayi anga akukwatiwa? Ndiye nyumba ndikusesa ija ndikusesera ndani? Sindikukana kuti musangalale. Adadi anatisiya kalekale ndipo mwavutika nane mokwanira. Koma ndimayesa mukubwera.

Ndayesa kuimba foni, sikulowa. Chonde yankhani msanga. Amalume akuti mabotolo satsekula mpaka amve kwa inu.

Annie


Chilomoni, Blantyre
21 Januwale 2024

Chemwali a Modesta,

Moni wa chaka chatsopano. Ine ndi alamu anu tili bwino, kupatula shuga amene amakwera akafuna. Mvula ikugwa bwino ndipo chimanga cha kuseri kwa nyumba chafika m'chiuno. Mpango analandira, akuuvala ngakhale kukutentha.

Tadikira yankho lanu koma kuli zii. Ine ndinaona kuti mwachita manyazi, monga achitira munthu wamkazi pa nkhani zotere ngakhale atakula. Komanso si bwino kumusiya mwamuna mnzanga ali chiimire pakhomo. Choncho Loweruka lapitali ndinaitanitsa anthu kuti tiione nkhaniyi.

Tinakhala pakhonde masana. Panali ine, alamu anu, Annie, ndi msuweni wathu a Donald a ku Zingwangwa. Ndinaitananso a Habibu, atelala oyandikana nafe aja. Iwo mowa sakhudza chifukwa cha chipembedzo, koma ndinafuna pakhale munthu mmodzi wamutu wabwino woti adzachitire umboni.

Mabotolo ndinawaika m'ndowa ya madzi ozizira kuyambira m'mawa, pakuti magetsi anali atazima. Ndinatulutsa matambula agalasi aja a paukwati wathu. Nditatsekula loyamba silinaphulike ngati mowa wa masiku ano, linangopuma pang'ono. Ndinathira mopendeketsa. Thovu linakwera n'kukhala, osathawa.

A Donald anafuna kugugudiza, ndinawagwira dzanja. Ndinati, "Achimwene, uyu si wa pa bala. Yambani mwamufunsa dzina."

Tinanunkhiza. A Habibu ali chapatali anati, "Kodi wina akuotcha mbatata?" Alamu anu anati ayi, ndi fungo la chikondamoyo chongophulidwa kumene. Ine ndinamva utsi, koma utsi waulemu, wa nkhuni zouma bwino.

Ndiye ndinamwa. Chemwali, ine mowa ndaunyamula pa lole kuchokera ku Nsanje mpaka ku Karonga, ndipo ndimati ndaudziwa wonse. Uwu unandikhazika chete. Umalowa mofewa, kutsekemera kwake kosapitirira, ndipo ukati watha umabweranso kukhosi ndi kakuwawa kabwino. Suthamangira kumutu. Umayamba wakhala m'chifuwa.

A Donald anati, "Wakoma, koma wachepa. Munthu wofuna mkazi amatumiza mabotolo atatu?"

A Habibu anati, "Inu mukuwerenga mabotolo, ine ndikuona masokosi. Munthu amene waveka botolo sokosi kuti lisasweke panjira, mkazi sangamugwetse."

Annie nthawi yonseyi anali atapinda manja. Ndinamufunsa maganizo ake, pakuti mwana wamkulu ali ndi mawu. Anati iye mowa salawa ndipo bamboyo sakumudziwa. Ndinati ndi zoona. Kenako anatenga tambula yanga, ananunkhiza, n'kuibweza. Anati, "Amalume, ine chimene ndaona n'chakuti m'makalata a masiku ano amayi akumaseka. Kale ankangolemba za mawondo ndi za malata." Atatero anapukuta m'maso, ndipo alamu anu anapita naye kukhitchini.

Tsono chigamulo ndi ichi. Munthu amene amatola zipatso zaminga, n'kuziyanika pautsi masabata osatopa, n'kudikiranso kuti mowa upse, ndi munthu wodekha. Wopupuluma sangafulule chotere. Ife tavomera.

Koma pali ziwiri. Choyamba, abwere yekha tidzamuone nkhope, chifukwa botolo silikhala pa chinkhoswe. Chachiwiri, asakutsekereni kumapiriko. Muli ndi mwana ndi mdzukulu kuno.

Botolo lachitatu ndasunga m'kabati. A Donald akumabwera kudzandizonda kawirikawiri masiku ano, zomwe sankachita kale.

Ndine mlongo wanu,
Hawkins


Kumapiri a ku Lucca
11 Febuluwale 2024

Achimwene, ndi iwe Annie,

Ndalemba kalata imodzi kuti muwerengere limodzi. Pepani chifukwa cha kukhala chete. Sanali manyazi. Agogo a Pierina anadwala Khrisimasi itangopita, ndipo ndinakhala nawo kuchipatala ku Lucca mpaka anatisiya pakati pa Januwale. Anapita mwamtendere, dzanja limodzi lili kwa mwana wawo, lina kwa ine. Foni ndinaiiwala kunyumba m'kabati, ndipo kunena zoona sindinaiganizeko.

Maliro atatha ndinaona kuti ntchito yanga yatha. Ndinatsitsa masutikesi n'kuyamba kulongedza. A Etore ankabwera, kuyang'ana masutikesiwo, kufunsa ngati ndikufuna chingwe chomangira, n'kubwerera kumigolo yawo.

Lachitatu lapitali ndi pamene ndinayatsa foni n'kupeza makalata anu. Ndinawerenga ya Annie, mtima unandipweteka. Nditawerenga yanu achimwene, ndinaseka mpaka kukhala pansi, koyamba chichitikireni maliro.

Achimwene, munthuyu sankafunsira mbeta. Ankafuna mumuuze ngati mowa wake uli bwino. Ndinkamuuza kuti kwathu kuli katswiri wa mowa, ndiye anafuna chiphaso chanu. "Chinthu cha mtima wanga" ankanena mowawo. Mawu enawo anawatola m'kabuku kophunzirira chinenero.

Kuseka kwanga anakumva ali panja, ndipo analowa kudzaona. Anali masana, ndinali nditatereka madzi a tiyi. Ndinati, "Khalani pansi mumve zimene Chinyanja chanu chachita." Ndinawamasulira kalata yonse, za jekete, za masokosi, za a Donald. Ndinkayembekeza kuti aseka mpaka kuvula magalasi. Sanaseke. Anangoyang'ana patebulo, makutu atafiira.

Kenako anafunsa kuti, "Ndiye achimwene anu anati chiyani pamapeto?"

Ndinati, "Anati avomera."

"Mowa, kapena ine?"

"Zonse ziwiri."

Apo a Etore anati, "Modesta, mawu amenewa ndakhala ndikuwafuna kwa nthawi yaitali. Amayi ali moyo ndinkaopa kuti muziona ngati bwana akukakamiza wantchito. Atamwalira ndinaopa kuti muziona ngati ndikufuna wondiphikira. Ndiye ndimangokufunsani za chingwe. Ngati kwanu avomera kale, ine ndikufunsa mwiniwake."

Ndinawauza kuti ndiyambe ndaganiza. Ndinaganiza mpaka madzi a tiyi atawira.

Annie, mwana wanga, sindinakubisire kanthu. Pamene unkalemba kalata ija panalibe choti ndikuuze. Tsopano chilipo, ndipo ndikukuuza ndekha. Ndavomera. Koma ndawauza kuti nyumba yanga ili ku Machinjiri. Tagwirizana kuti nyengo ya kastanya ndi yofulula tizikhala kuno, ndipo kukayamba chisanu tizibwera kwathu mpaka chithe. Mawondo anga avomera msanga kuposa ine. Usaleke kusesa.

Tikubwera tonse awiri Pasaka ikangopita. Akufunsa kuti pokaonekera kwa achimwene avale chiyani, ndipo abweretse mabotolo angati kuti a Donald akhutire.

Ndine wanu,
Modesta


Chilomoni
18 Febuluwale 2024

Chemwali,

Pepani ndi maliro a mayi aja. Munawasamalira mpaka pamapeto, Mulungu akudalitseni. Muwapepesenso alamu athu m'malo mwa banja lonse.

Annie anabwera ndi kalata yanu ndipo tinawerengera limodzi pakhonde. Analira pang'ono, kenako anayamba kufunsa alamu anu za telala wabwino wa madiresi. A Habibu anamva ali kuseri kwa mpanda ndipo akhumudwa kuti anthu akufunsa za telala iwo alipo.

Alamu athuwo muwauze avale jekete. Za mabotolo asavutike kuwerenga, angodzaza sutikesi imodzi, zovala adzabwereka kuno.

Koma pali mawu amodzi amene sindikugwirizana nawo. Mukuti ndinalakwitsa kuwerenga khadi lija. Ine ndinawerenga bwino, chemwali. Amene munachedwa kumva ndinu awiri.

Mlongo wanu,
Hawkins